Nyumba ya pa Esiteti m'Dziko la Njewa

Munthu amene anayendapo pa msewu wochokera ku Lilongwe kulowera ku Mchinji, nadutsa pa Njewa, pa Chitedze, pa Mpingu ndi pa Msundwe mpaka kukaoloka mtsinje wa Namitete, kapena amene anapatukira kumpoto kulunjika ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, safunika womuuza kuti dziko lino ndi la dothi, osati la miyala. Maso amaona chidikha chokhachokha, katondo wofiira kumtunda ndi makande akuda kumadambo, ndipo mapiri a matanthwe, monga Dzalanyama, Bunda, Ngala ndi Nkhoma, amangoonekera chapatali. Chifukwa chake wofuna kuona nyumba ya pa munda yomangidwa ndi miyala yokhayokha kuyambira pansi kufikira pa tsindwi, yonga zija za ku Scotland zimene boma la kumeneko linazilemba m'buku nilamula kuti munthu asazisinthe popanda chilolezo, adzayenda ulendo wautali m'dziko la Njewa, Kalolo, M'bwatalika ndi Kabudula mtima wake usanakhutire. Koma mbale wake wa nyumba yotere alipo pakati pathu, ndiye nyumba yakale ya pa esiteti ya fodya, ya mwala kumaziko, njerwa m'zipupa, malata pamwamba ndi khonde m'mbali. Ndipo mbiri ya mamangidwe ake, ikafotokozedwa mosakondera, si ya Mzungu yekha amene anagonamo, koma ndi ya anthu ajanso amene anaponda dothi lake.

Makolo athu mwala ankaudziwa. Ankatereka mphika pa mafuwa, ankapera mawere pa mphero, ankanolera nkhwangwa pa thanthwe, ndipo ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, ankasonyeza ana awo mwala umene amati anthu oyamba ndi nyama anaupondapo ukali wofewa, nasiyapo mapazi awo. Koma kumangira mwala nyumba yogonamo sikunali m'maganizo mwawo, ngakhale kuti anzawo a kutsidya kwa Zambezi anasanja malinga aatali a miyala popanda matope, amene akali chiimire ku Great Zimbabwe. Nyumba ya Mchewa inali yozungulira, ndipo inkachokera m'nkhalango ndi m'dambo. Mwamuna ankadula mitengo yosafumbwa msanga, nafundula luzi la mombo, nazika nsichi mozungulira, nazimanga ndi mbaliro. Akazi ankatunga madzi, naponda dothi la pa nkhuti, namata chipupa mkati ndi kunja, kenaka nazira pansi ndi dothi lakuda, nasalaza ndi nkhulungo mpaka pansipo patawala. Denga linkalukidwa pansi, mapaso ake atakumana pa nsonga, ndipo likatha amuna a m'mudzi ankaitanidwa kudzalinyamula ndi kulikhazika pa chipupa. Tsono pamene akulu ankati mutu umodzi susenza denga, sankaphiphiritsa konse, ankangonena zimene maso awo ankaona chilimwe chilichonse.

Nyumba imeneyi sinamangidwe kuti ione zidzukulu, ndipo pamenepa panali nzeru imene alendo ambiri sanaimvetse. Mwini wake akamwalira, kawirikawiri inkagwetsedwa maliro akatha. Nthaka ikaguga, kapena imfa zikachuluka, mudzi wonse unkasamuka, nusiya bwinja limene linkasanduka munda wachonde. Ndiponso mwamuna wa pa chikamwini, womanga pa malo a akuchikazi, akanatayiranji thukuta lake pa chipupa chimene sakanachinyamula tsiku lopirikitsidwa? Chokhalitsa chinali msitu wa kumanda umene anthu saudula mwachisawawa, mtengo wa pabwalo, ndi dzina la ufumu limene mwana wa mlongo amalilowa mbadwo ndi mbadwo. Ngakhale ku Msinja, kumene Makewana ankapemphera kuti dziko lilandire mvula, kachisi anali wa mitengo ndi udzu, womangidwanso pamene waola. Nthawi imene anthu a chidikha chino anamanga zazikulu ndi zolimba inali ya nkhondo za Angoni, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene midzi inadzitchinga ndi malinga a dothi; koma mtendere utabwera malingawo anasiyidwa, mvula niwasungunula pang'onopang'ono.

Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mu 1882 kampani ya African Lakes, imene abale awiri John ndi Frederick Moir ankayendetsa, inamanga ku Blantyre nyumba ya Mandala, yosanjikiza, ya njerwa ndi matope, yozingidwa ndi makonde, imene imawerengedwa kuti ndiyo yakale koposa mwa nyumba za Chizungu zimene zikalipo m'Malawi. Pakati pa 1888 ndi 1891 David Clement Scott, mbusa wosaphunzira zomangamanga, pamodzi ndi antchito a kuno amene anali asanaonepo tchalitchi chotere, anaimika St Michael and All Angels ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo. Kumene mwala unali pafupi, mwala unagwira ntchito: ku Khondowe, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1894, kunamangidwa Stone House mu 1903, nyumba imene iye anakhalamo ndipo lero ikusunga zinthu zakale za mishoniyo, ndipo m'chaka chomwecho a pa chilumba cha Likoma anayamba kuswa matanthwe a pachilumbapo kuti amangire tchalitchi chachikulu cha St Peter. Koma kuno ku chigawo chapakati chimene chinamera mizu ndi njerwa. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, ku Kongwe mu 1894 ndi ku Nkhoma mu 1896. Ansembe a White Fathers anakhazikika ku Mua mu 1902, posakhalitsa ku Likuni ndi ku Kachebere, ndipo pambuyo pake Akatolika anafikanso ku Nambuma ndi ku Namitete. Pa mishoni zimenezi ana a m'midzi anagwira koyamba chikombole, chingwe chowongolera chipupa ndi mpeni womangira, kotero kuti pamene alimi a Chizungu ankafika, anapeza amisiri alipo kale.

Boma la Lilongwe linakhazikika mu 1904 m'dziko la mfumu Njewa, m'mbali mwa mtsinje, ndipo linadza ndi msonkho wa nyumba, umene unachititsa kuti kanyumba kaudzu kaja, kamene kale kankangomangidwa ndi kugwetsedwa monga mwini wake afunira, kawerengedwe ndi kulipiridwa ndalama chaka ndi chaka. Ndalamazo anthu analibe pozipeza pafupi, kufikira mu 1920 pamene A. F. Barron ndi R. W. Wallace, amene anali atalimapo kale fodya kummwera, anatsegula esiteti ya Mbabzi kuno kumadzulo kwa bomalo. Iwo anagawira anthu a m'midzi mbande za fodya wa chikopa, nawasonyeza kalimidwe ndi kafukizidwe kake, nagula masambawo atauma. Ndipo ulimiwo unafalikira msanga chotero kuti mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loti liuyang'anire, ndipo pofika 1935, chaka chimene njanji inafika ku Salima, alimi olembedwa m'chigawo chapakati anali pafupifupi 30,000. Azungu ena anatsatira, napempha malo ku boma, ndipo aliyense atagona kanthawi m'msasa anayamba kulingalira za nyumba.

Tsono tiione nyumbayo monga momwe zambiri za mtundu wake zinkamangidwira. Malo ankasankhidwa pa kamtunda, kutali ndi dambo ndi udzudzu wake, pamene mwini akanatha kuona minda ndi mabalani ali chikhalire. Ngalande ya maziko ikakumbidwa, munkaikidwa miyala, kapena lubwe kumene miyala ikusowa, yotutidwa pa ngolo kapena pamutu; ndipo mazikowo ankakwezedwa pamwamba pa nthaka, kuti munthu azilowa m'nyumba pokwera masitepe. Kukweza kumeneku sikunali kwa ulemu wokha, pakuti adani a nyumba m'dziko lino ndi awiri, chinyezi cha dzinja chimene chimakwera m'chipupa kuchokera pansi, ndi chiswe chimene chimadya chitseko mkati nichisiya chikuoneka chamoyo kunja. Ena ankagoneka lata pamwamba pa maziko, m'mphepete mwake mutatulukira kunja, kuti chiswe chikafuna kukwera chimange njira yake poyera, pamene maso angaione.

Njerwa sizinkachokera kutali. Anthu ankagumula chulu, popeza dothi la pachulu limagwirana bwino, nalithira madzi, naliponda ndi mapazi kufikira litafewa mofanana; woumba ankaviika chikombole m'madzi, nachidzaza, nasalaza pamwamba, ndipo mnyamata ankathamanga nacho kukakhuthula pa bwalo losesedwa, njerwa nizifunditsidwa udzu kuti dzuwa lisazing'ambe. Zikauma zinkasanjidwa kukhala uvuni wa makomo angapo, womatidwa ndi matope kunja konse, ndipo moto unkasonkhezedwa usana ndi usiku ndi zipika za msuku, mombo ndi mtondo, kufikira wodziwa ntchitoyo atanena kuti zapsa, makomo natsekedwa. Zam'kati zinkatuluka zolimba, zolira ukazigogoda. Zam'mbali zinkatuluka zofuwirira, ndipo mmisiri wanzeru ankazisungira zipupa za m'kati mwa nyumba. Amene anawerenga m'Buku Lopatulika za ana a Israyeli ndi njerwa za Farao, buku limene linatuluka lathunthu m'chinenero chathu mu 1922, zaka ziwiri zokha Mbabzi atatsegulidwa, sanafunike mlaliki wowamasulira kulemera kwa ntchitoyo.

Simenti inali yochokera kunja ndiponso yodula, choncho njerwa zinkamangidwa ndi matope, ndipo laimu kapena simenti pang'ono zinkangotsekera mizere ya kunja. N'chifukwa chake zipupa zinkakhala zochindikala ndi zazitali. Ndipo kuchindikalako, kumene kunadza chifukwa cha kusowa, kunabala dalitso, pakuti chipupa chotere chimachedwa kutentha masana a mwezi wa Okutobala ndipo chimachedwa kuzizira usiku wa mwezi wa Juni. Komabe chisanu cha chidikha chino, chimene chili pamwamba kuposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, chinawakakamiza kumanga malo osonkhapo moto m'chipinda chochezera, ndi chumuni yotulukira pa denga. Matabwa ankachekedwa ndi anthu awiri, wina ataimirira pamwamba pa chipika, mnzake ali m'dzenje utuchi ukumugwera m'maso. Mlombwa unkapita ku zitseko ndi mazenera, mbawa ku matebulo ndi makabati. Denga loyamba kawirikawiri linali la udzu, lofoleredwa ndi manja omwe aja ofolera m'midzi. Malata anadza pambuyo, misewu ndi magalimoto zitayamba kudalirika, ndipo pansi pake ankayala siling'i ya mphasa, ya nsalu kapena ya matabwa, yotchinga kutentha ndi phokoso la mvula. Khitchini inkaima payokha kumbuyo, poopa moto ndi utsi, ndipo kuseri kwake kunali mgolo woikidwa pa ng'anjo wotenthetsera madzi osamba, kenaka timanyumba ta khukhi ndi anzake. Chaka ndi chaka, mvula ikatha, zipupa zinkapakidwa njereza.

Koma mtima wa nyumbayo unali khonde, ndipo apa mpofunika kuchedwapo. Angerezi anatengera ku India chizolowezi cha nyumba yosasanjikiza yozunguliridwa ndi khonde lalikulu, nachifalitsa kulikonse kumene analamulira m'maiko otentha. Ndipo kuno chinakumana ndi khonde lathu, limene makolo ankaliimika pa nsanamira kuzungulira nyumba pa chifukwa chomwecho, kuti mvula isamenye chipupa cha dothi. Kunena zoona, nyumba zakalezi zakhalitsa chifukwa cha khonde kuposa chifukwa cha njerwa, pakuti chipupa chomangidwa ndi matope chimakhala ndi moyo pokhapokha ngati madzi sachikhudza. Koma makonde awiriwa, ngakhale anafanana ntchito, anasiyana mwambo. Pa khonde la kumudzi munthu amati odi, namuyankha, namuyalira mphasa, namufunsa za kumene achokera asananene chimene wadzera. Pa khonde la pa esiteti bwana ankakhala pamwamba, buku lili pa tebulo, ndipo kapitawo, mlimi kapena wodandaula ankaima pansi pa masitepe, chipewa chili m'manja. Ambiri amene anaumba njerwa za nyumbayo, nasenza miyala ya maziko ake, anamwalira asanaone m'kati mwake mmene munaliri. Masitepe atatu kapena anayi aja anali malire enieni a dziko la atsamunda, oposa mizere yonse ya pa mapu.

Ndipo nyumbayo sinkaima yokha. Chapafupi panali mabalani, nyumba yosankhiramo fodya ndi kumudinda m'mabelo, sitolo ndi khola; ndipo monga fodya ankasinthira, momwemonso zomangidwa zinkasintha, popeza wa chikopa amafuna kanyumba kotsekeka kofukiziramo utsi, wowotcha ndi mipope amafuna balani yaitali ya njerwa, ndipo wa bale amangofuna chigafa cha mitengo ndi udzu chopita mphepo. Kutali pang'ono, m'mphepete mwa minda, munali tizisakasa ta matenanti, anthu amene ankabwera ndi mabanja awo, nalandira chimanga ndi zipangizo pa ngongole, nalima fodya amene sakanamugulitsa kwa wina koma mwini malo yekha, ndipo pa kutha kwa chaka, ngongole itachotsedwa, ena ankabwerera kwawo atazindikira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Dongosolo limeneli silinathe ndi ufulu wa 1964. Linakula m'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti anachuluka m'manja mwa Amalawi amene, ndipo lamulo linadzaliletsa mu 2021. Tizisakasa tija sitinasiye chizindikiro chilichonse pa nthaka, ngakhale kuti chuma chimene chinagula malata a nyumba yaikulu chinatuluka m'menemo.

Chimene chinatsala m'manja mwa anthu ndi luso. Mphunzitsi wa mishoni, kalaliki, ndi mwamuna wobwera ku Harare kapena ku Joni ndi sutikesi ndi njinga, anayamba kumanga nyumba ya makona anayi, poyamba ya mitengo yomata, kenaka ya mdindo, imene dothi lake limasindiridwa pakati pa matabwa awiri, kenaka ya zidina, potsiriza ya njerwa zootcha. Ndipo pakhomo pake anaika kakhonde ka nsanamira ziwiri za njerwa, kamene aliyense wokayang'anitsitsa adzaona kumene kanachokera. Chitukuko cha ulimi cha Lilongwe Land Development Programme, chimene chinayamba mu 1968, chinatsegula misewu ndi misika m'dera lino. Kamuzu Banda sankatopa kunena za nyumba yosadontha pamodzi ndi chakudya ndi zovala. Ndipo likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, midzi ya kwa Njewa inasanduka nkhuti ya mzinda wonse. Lero mlimi wa ku Nsaru akagulitsa bwino fodya kapena soya, choyamba kuganiza ndi malata, ndipo uvuni umafuka pafupifupi m'mudzi uliwonse chilimwe chikafika.

Za kuteteza nyumba zakale, lamulo lilipo. Loyamba m'Malawi wodzilamulira linakhazikitsidwa mu 1965, nthambi ya boma yoona zinthu zamakedzana inatsegulidwa mu 1967, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunadza lamulo la Monuments and Relics Act, limene limapatsa nduna mphamvu yolengeza malo kapena nyumba kukhala chuma cha fuko, kotero kuti ngakhale mwini wake sangaigwetse kapena kuisintha popanda chilolezo. Mandala ndi yotetezedwa, ndipo m'chipinda chake chapamwamba muli mabuku ndi zithunzi za bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946. St Michael and All Angels nayonso ndi yotetezedwa. Ndipo zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Koma wowerenga mayina a nyumba zotetezedwa adzaona kuti zambiri ndi za mishoni, za boma ndi za makampani, ndiye kuti za iwo amene ankasunga makalata. Fodya, amene wadyetsa dziko lino zaka zoposa zana, malo ake ndi ochepa m'chikumbukiro chimenechi. Ena adzati, kodi tisungirenji nyumba ya munthu amene anatiimika pansi pa masitepe? Funsolo ndi lolungama, ndipo sindilipeputsa. Koma ine ndikuti nyumba yotere ikasungidwa yokha, yopakidwa utoto ndi kubzalidwa maluwa, idzanena bodza. Ikasungidwa pamodzi ndi balani yake, chigafa chake, dzenje limene munatuluka dothi lake, ndi kachisakasa ka tenanti komangidwanso pamalo pake monga makolo ankachitira ndi kachisi, idzanena zoona zimene mwana wa sukulu sangazipeze m'buku.

Chovuta china n'chakuti nyumba zimenezi sizifa ndi ukalamba wokha, zimafanso ndi chithandizo. Wokonza wa masiku ano akapeza chipupa chakale chikufumbutuka, amachipaka pulasitala wa simenti yolimba ndi penti wamafuta. Chinyezi chimene kale chinkatuluka kudzera m'njereza chimatsekeredwa m'kati, njerwa nizifewa kuseri kwa pulasitalayo, mpaka tsiku lina chigamba chonse chigwa. Wina amatseka khonde ndi mazenera kuti apeze chipinda chowonjezera, wina amachotsa zitseko za mlombwa naika zachitsulo. Amisiri amene ankadziwa kusakaniza laimu ndi mchenga akutha mmodzimmodzi, ndipo achinyamata ophunzira zomangamanga, monga a pa sukulu ya ntchito zamanja ya ku Namitete, akukonzekera dziko lina, pakuti mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zina zikuluzikulu, poona mmene mauvuni, mabalani ndi makala zathera mitengo kuyambira kumidzi kufikira ku Dzalanyama. Zomangira za lero ndi mabuloko a simenti ndi njerwa zodinda pa makina, ndipo mwini nyumba yakale ya pa esiteti, akafuna njerwa yofanana ndi imene yagumuka pa chipupa chake, nthawi zambiri amakaitola pa balani ina yakugwa ya pa esiteti yomweyo.